KUSANKHA NSOMBA ZOKONGOLA ZOWETA M'THANKI YAGALASI

Tonsefe timaidziwa nsomba ya m'mbale. Chambo, usipa, utaka ndi mlamba ndi ndiwo zathu za masiku onse. Koma pali nsomba zina zimene anthu saweta kuti adye. Amaziweta kuti aziziona basi, monga momwe ena amadzalira maluwa pakhomo. Nsomba zimenezi amaziika m'bokosi lagalasi lodzaza madzi. Pa Chingerezi bokosi lotere amati aquarium. Ife m'phunziro lino tizingoti thanki.

Mwina munaionapo thanki yotere ku hotela, mu ofesi kapena m'nyumba ya munthu m'tauni. Mwinanso mukufunsa kuti, "Nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife?" Zikutikhudza ndithu. Ena mwa ife timagwira ntchito m'malo mmene muli mathanki otere, ndipo udindo wosamala nsombazo umagwera ife. Chinanso nchakuti nsomba zambiri zokongola zimene zili m'mathanki a ku Germany, ku Britain, ku America ndi ku Japan, makolo ake anachokera m'nyanja yathu ya Malawi.

ZIMENE ZINAMUONEKERA MNYAMATA WINA

Mnyamata wina ankagwira ntchito pa nyumba yogona alendo. Tsiku lina bwana wake anagula thanki yatsopano naiika pofikira alendo. Anamupatsa mnyamatayo ndalama nati, "Pita ukagule nsomba. Ukasankhe zowala bwino, zoti alendo akaziona azikondwa."

Mnyamata uja anapita ku sitolo. Maso ake anathamangira mtundu basi. Anagula ziwiri zachikasu za mizere yakuda. Anagula tisanu ting'onoting'ono ta mzere wabuluu ndi wofiira. Anagula ziwiri za michira yaitali ngati nsalu, ina yofiira, ina yabuluu. Anaonjezapo imodzi yonenepa, ya mtundu wa lalanje lakupsa. Zonse pamodzi zinali 10. Atafika anadzaza thanki ndi madzi a pampopi, nkukhuthuliramo nsomba zonse nthawi imodzi.

Tsiku loyamba aliyense anayamikira. Tsiku lachiwiri nsomba za michira yaitali zija zinali zitang'ambana. Tsiku lachinayi ting'onoting'ono tija tinatsala tiwiri. Madzi anayamba kuyera ngati mwagwera mkaka. Pomatha sabata munatsala nsomba imodzi yokha, yachikasu ya mizere yakuda, ikuyendayenda ngati mwini mudzi. Bwana anapsa mtima, nati adula ndalamazo pa malipiro a mnyamatayo.

Loweruka mnyamata uja anapita kwa amalume ake. Iwowa pa unyamata wawo anagwirapo ntchito yomira m'nyanja ku Salima, kugwira nsomba zamoyo zotumiza kunja.

"Amalume, kodi anthu aja anandigulitsa nsomba zodwala?"

"Tandiuza, mphwanga, unagula nsomba zanji?"

"Maina sindinafunse, amalume. Ndinangoona kukongola."

Amalume anaseka. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kodi ungatsekere mphaka, kabawi ndi anapiye m'khola limodzi chifukwa zonse nzooneka bwino? Nsomba zija sizinadwale ayi. Iwe unaphatikiza zosayenera kukhalira pamodzi, unaziikanso m'madzi osakonzeka."

Tiyeni tione zimene mnyamatayu anayenera kudziwa asanatulutse ndalama m'thumba.

YAMBANI NDI THANKI

Munthu sagula mbuzi asanaone kukula kwa khola lake. Nsomba nchimodzimodzi. Choyamba dziwani kuti thanki yanu imalowa malita angati.

Kuwerengera kwake nkosavuta. Yezani utali, mulifupi ndi msinkhu wa thanki m'masentimita. Chulukitsani manambala atatuwo, kenaka gawani ndi 1,000. Thanki ya masentimita 60 mulitali, 30 mulifupi ndi 30 msinkhu imalowa malita 54. Ameneyo ndi madzi osakwana ndowa zitatu za malita 20. Thanki ya 120, 40 ndi 45 imalowa malita 216.

Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Choncho thanki ya malita 216 imaposa matumba 4 a chimanga a makilogalamu 50, tisanawerengere miyala ndi galasi. Musaiike pa katebulo kogwedera. Musaiikenso pawindo pamene pamawomba dzuwa. Dzuwa limatenthetsa madzi ndi kuchulukitsa ndere.

Nanga muikemo nsomba zingati? Werengerani malita 2 a madzi pa sentimita imodzi ya nsomba. Koma muwerengere kukula kwa nsombayo ikadzakula, osati mmene ilili m'sitolo. Nsomba zambiri amazigulitsa zili ana. Pali kansomba kena koyamwa magalasi kotchedwa pleco. Pogula kamakhala ngati chala, koma mtundu wake wofala umakula kupitirira masentimita 30.

MADZI AYAMBE AKHWIMA

Apa mpamene anthu ambiri amaphera nsomba zawo.

Madzi a pampopi amathiramo mankhwala otchedwa kolorini. Mankhwalawa amatiteteza ife ku matenda, koma nsomba amaipsereza mopumira mwake. Tungani madzi m'ndowa yosavindikira, akhale usana ndi usiku musanawathire m'thanki. Njira yodalirika koposa nkuthira timadontho tochotsa kolorini timene amagulitsa m'sitolo za nsomba.

Vuto lachiwiri ndi ili. Nsomba imadzithandiza m'madzi momwe ikukhalamo. Zonyansazo zimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya. Fungo lolasa m'mphuno lija la m'khola la nkhuku losasesa, ndi amoniya yemweyo. M'nyanja madzi ndi ambiri, kotero poizoniyo sachuluka. M'thanki alibe kopita.

Chimene chimapulumutsa nsomba ndi tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso. Timakhala m'siponji ya makina osefa madzi ndi pa miyala. Ntchito yake nkusandutsa amoniya kuti asakhalenso woopsa. Koma thanki yatsopano ilibe tizilomboti. Timatenga masabata 4 mpaka 6 kuti tichulukane. Tsono dzazani thanki, yatsani makina osefa, muziponyamo kachakudya ka nsomba kotsina ndi zala tsiku ndi tsiku, nsomba mulibe. Ngati mnzanu ali ndi thanki yakale ya nsomba zathanzi, mupempheni kachidutswa ka siponji ya m'sefa yake. Zikatero madzi amakhwima msanga. M'sitolo zina amatha kukuyezerani madzi mukawatengera m'kabotolo.

Kudikira mwezi wathunthu mukuyang'ana thanki yopanda nsomba nkotopetsa, ndipo bwana angakuoneni ngati waulesi. Mufotokozereni. Kuona maso a nkhono nkudekha.

ZOFUNSA KWA WOGULITSA

Musachite manyazi kufunsa. Tengani kope ndi cholembera, poti tsopano kulemba mumatha. Lembani dzina la nsomba. Funsani kuti imakula bwanji, imadya chiyani, ndiponso ngati ili yofatsa kapena yandewu. Funsaninso madzi amene imakonda.

Za madzizi zili pawiri. Pali kutentha kwake. Nsomba zambiri zokongola nza kumaiko otentha, ndipo zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27. Palinso nambala ina yotchedwa pH. Imayambira pa 0 kulekeza pa 14, ndipo 7 ndiye pakati. Madzi a m'nyanja ya Malawi ali pamwamba pa 7, cha pakati pa 7.7 ndi 8.6. Madzi a m'mitsinje yambiri ya m'nkhalango ya Amazon, ku South America, ali pansi pa 7. Nsomba yozolowera madzi a uku siikondwa m'madzi a uko. Timapepala toyezera pH timapezeka m'sitolo zomwezo.

NSOMBA ZOFATSA ZA THANKI YAING'ONO

Ngati thanki yanu ili ya malita 50 mpaka 120, sankhani nsomba zazing'ono zofatsa.

Kwa munthu woyamba kumene, ine ndimati ayambe ndi platy. Kwawo ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Imakula masentimita 5 kapena 6. Ilipo yofiira, yachikasu, ya mtundu wa lalanje ndi yamawangamawanga. Ndi yopirira, ndipo siivuta chakudya.

Mnzake ndi guppy. Yaimuna ndi yaing'ono, koma mchira wake uli ngati chitenje chatsopano. Yaikazi ndi yokulirapo ndi yosawala kwenikweni. Platy ndi guppy siziikira mazira. Zimabereka tiana tamoyo pafupifupi mwezi uliwonse. Pa yaimuna imodzi gulani zazikazi ziwiri kapena zitatu, chifukwa yaikazi ikakhala imodzi, yaimuna imaithamangitsa mpaka kuifooketsa. Ganiziranitu kumene mudzapereke ana akachuluka. Nsomba ziwirizi zimakonda madzi a pH yopitirira 7 pang'ono, ndipo zimagwirizana. M'thanki ya malita 54, platy 3 ndi guppy 3 nzokwanira.

Ting'onoting'ono tija anagula mnyamata uja ndi neon tetra, ta ku Amazon. Sitipitirira masentimita 4. Mzere wake wabuluu umawala ngati nyali. Timayenda m'gulu ngati usipa. Tikakhala tiwiri kapena titatu timachita mantha, timabisala, ndipo mtundu umazilala. Gulani 6 kapena kuposerapo. Timafuna thanki yokhwima bwino, choncho tisakhale toyamba kulowa.

Pansi pa thanki mutha kuikapo corydoras. Kali ngati kamlamba kakang'ono ka ndevu zake, ka masentimita 5. Nakonso kamakonda gulu, ndipo kamafuna mchenga wosalala kuti ndevu zisaduke. Neon tetra 6 ndi corydoras 5 zimakhala bwino m'thanki ya malita 100 kapena kuposa. Taonani kuti zina zikusambira pakati, zina pansi. Potero sizilimbirana malo, ndipo thanki yonse imaoneka yamoyo.

ZOKONGOLA KOMA ZOSAKHALA NDI ZINZAKE

Nsomba za michira yaitali zija ndi betta, za ku Thailand. Zazimuna ziwiri sizikhalira pamodzi. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Zimamenyana mpaka ina kufa. Ngakhale guppy yaimuna, betta imatha kuiyesa mdani chifukwa cha mchira wake.

Yonenepa ya mtundu wa lalanje ija ndi goldfish, imene anayamba kuweta ndi anthu a ku China kalekale. Siyandewu, koma imakonda madzi ozizirirapo, imakula kupitirira masentimita 20, ndipo imadetsa madzi kwambiri. Ikhale ndi zinzake zokhazokha m'thanki yaikulu.

Palinso tiger barb, ya mizere yakuda inayi. Imeneyi khalidwe lake nkuluma michira ya zinzake.

Lamulo lina losavuta kukumbukira ndi ili: nsomba imene ingalowe m'kamwa mwa inzake, tsiku lina idzalowamo.

NSOMBA ZA M'NYANJA YATHU

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Mitundu ya banja la chambo yokha imapitirira 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse.

Zotchuka kwambiri m'mathanki ndi mbuna. Dzinali linachokera kwa anzathu Atonga a ku Nkhata Bay. Musalisokoneze ndi mbuna ija yokumba potchera nyama. Mbuna ndi tinsomba ta m'miyala, ta masentimita 8 mpaka 12. Amene anafikapo ku Cape Maclear nayang'ana m'madzi pafupi ndi miyala anationa: tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tikubudula ndere pa matanthwe ngati mbuzi pa msipu.

Mbuna zimaswana ngati chambo. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu, osadya, mpaka tiana titatha kusambira tokha. Mukaona mbuna yanu yatupa kukhosi ndipo ikukana chakudya, musafulumire kuti yadwala. Mwina yafungatira ana.

Koma mbuna ndi nsomba yamtima wapachala. Yaimuna imasankha mwala wake nkumathamangitsa aliyense wofika pafupi. Nchifukwa chake mbuna siziphatikizidwa ndi guppy, platy kapena neon tetra. Zikhale zokhazokha. Thanki yake ikhale ya masentimita 120 mulitali, malita 200 kapena kuposa. Muunjikemo miyala yambiri yokhala ndi mapanga, kuti yothamangitsidwa ipeze pobisala. Miyalayo ikhazikike pansi penipeni musanathire mchenga, chifukwa mbuna zimakumba, ndipo mwala utha kugubuduka nkuswa galasi.

Chodabwitsa nchakuti mbuna zikachepa ndewu imakula. Zikakhala ziwiri, yamphamvu imalimbana ndi imodzi yomweyo mpaka kuipha. Zikakhala 12, mkwiyo wake umagawikana. Pa yaimuna imodzi pakhale zazikazi zitatu kapena zinayi. Pewaninso kuphatikiza mitundu iwiri yofanana maonekedwe. Yaimuna ikaona ina yofanana nayo imaiyesa wopikisana naye.

Si mbuna zonse zili zolusa mofanana. Yachikasu ya mizere yakuda ija, imene inatsala yokha m'thanki ya mnyamata uja, dzina lake ndi auratus. Ndi imodzi mwa zolusitsitsa. Yaimuna ikakula imasintha mtundu nkukhala yakuda. Woyamba kumene aisiye, ngakhale itchipe bwanji.

Yofatsirapo ndi imene m'sitolo amaitcha yellow lab. Ndi yachikasu thupi lonse ngati nthochi yakupsa, ndipo chipsepse cha pamsana chili ndi mzere wakuda. Yaimuna ndi yaikazi zonse nzowala. Mtundu wachikasuwu unachokera cha kumpoto kwa Nkhata Bay, pa malo otchedwa Lion's Cove. Ina yofatsa ndi imene amaitcha rusty. Ndi yofiirira ngati dzimbiri, koma m'mbali mwake imawala ngati duwa la jakaranda. Kwawo ndi ku chilumba cha Boadzulu ndi zilumba zina zing'onozing'ono za kumwera kwa nyanja. Mitundu iwiriyi imakhalira pamodzi bwino.

Pali mbuna ina yofunika kuidziwa. Dzina lake ndi saulosi. Yaimuna ndi yabuluu ya mizere yakuda, yaikazi ndi yachikasu. Kotero mukaweta mtundu umodzi wokhawu, thanki imaoneka ngati muli mitundu iwiri. Katswiri wa nsomba Ad Konings anailemba m'mabuku a sayansi mu 1990, naipatsa dzina la Saulos Mwale, Mmalawi womira m'madzi amene anaipeza. Nsombayi imapezeka pa malo amodzi okha, pa matanthwe a pansi pa madzi otchedwa Taiwanee Reef, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Chifukwa cha kukongola kwake anthu anaigwira mopitirira muyeso, mwakuti tsopano ili m'gulu la nsomba zimene zili pangozi yaikulu yakutha. Mukafuna saulosi, funsani ngati inaswedwa m'thanki. Yogwidwa m'nyanja musagule.

Chakudya cha mbuna zambiri ndi ndere. Matumbo ake ndi aatali, oyenera zamasamba. Mukamazipatsa nyama kapena chakudya chamafuta zimatupa mimba nkufa. Matendawa ndi odziwika kwambiri, mwakuti kunja anawapatsa dzina la dziko lathu, amati Malawi bloat. Gulani chakudya chopangidwa ndi ndere kapena masamba.

Kupatula mbuna, kuli gulu lina lotchedwa peacock, la m'malo a mchenga ndi m'mapanga. Zazimuna zimawala buluu, chikasu kapena kufiira. Zazikazi zonse nzotuwa, ndipo nzovuta kusiyanitsa. Ina yotchuka yachikasu inachokera kufupi ndi Benga. Utaka womwe timadyawu ulinso ndi mitundu ina imene yaimuna imawala buluu zedi, ndipo kunja amaiweta m'mathanki. Peacock ndi utaka nzofatsa kuposa mbuna. Zimafuna malo aakulu osambira. Mukaziika ndi mbuna zolusa zimakhala mwamantha ndipo mtundu wake suoneka.

MTUNDU WACHINYENGO

Si kuwala konse kumene kuli kwachibadwa. Amalonda ena a kunja amabaya nsomba ndi jakisoni wa utoto. Kawirikawiri amatero ndi kansomba koonekera m'kati ngati galasi, nkukapatsa mzere wa pinki kapena wobiriwira. Utotowo umatha pakapita miyezi, ndipo nsomba zambiri zotere zimadwala nkufa msanga. Ena amadyetsa tiana ta peacock mankhwala kuti tiwale tisanakule. Mukaona tinsomba ta peacock tating'ono ngati chala, tonse m'thanki tikuwala kwambiri, kayikirani. Mwachibadwa yaimuna yokha ndiyo imawala, ndipo imayamba kutero ikamakula.

Komanso nsomba yotuwa m'sitolo musainyoze. Nsomba yamantha imazilala. Ikazolowera pamalo, ikamadya bwino, ikapeza pobisala, mtundu wake umabwera wokha. Kumata pepala lakuda kapena labuluu kuseri kwa thanki kumathandiza kuti mitundu ioneke bwino.

Chofunika kuyang'anitsitsa ndi thanzi. Imani pa thanki ya m'sitolo kwa mphindi zingapo. Nsomba yathanzi imasambira mwamphamvu, zipsepse zili tambasu, maso ali owala. Musagule ya timadontho toyera ngati mchere pathupi, yophwa mimba, yopinda zipsepse, yodzikhula pa miyala, kapena yongokhala pamwamba kukamwa kuli yasa. Ngati m'thankimo muli nsomba yakufa, musagulemo ngakhale imodzi.

MUKAFIKA NAZO KUNYUMBA

Musagule zonse tsiku limodzi. Yambani ndi gulu limodzi, dikirani masabata awiri, kenaka onjezani lina.

Thumba la pulasitiki limene mwatengeramo nsomba liyandame m'thanki kwa mphindi 15 kapena 20 lili chimangire. Kenaka limasuleni, muzithiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono. Pomaliza tengani nsomba ndi kaukonde nkuiika m'thanki. Madzi a m'thumba atayeni.

Dyetsani kamodzi kapena kawiri pa tsiku, chakudya choti chithe m'mphindi ziwiri. Nsima ndi madeya nza nsomba za padamu. M'thanki zimangoola nkuononga madzi. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, nkubwezeramo ena opanda kolorini. Siponji ya m'sefa muziitsukuluza m'madzi amene mwachotsawo, osati a pampopi, kuopa kupha tizilombo tabwino tija. Sopo asayandikire. Ndowa ya nsomba ikhale yakeyake.

Chenjerani ndi mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu. Ndi poizoni woopsa kwa nsomba. Musapopere m'chipinda mmene muli thanki.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, m'madera ozizira monga Dedza, Mzuzu ndi Blantyre, madzi a m'thanki amazizira kupitirira muyeso. Pafunika kachipangizo kotenthetsa madzi ndi koyezera kutentha. Magetsi akazima nthawi yaitali, musadyetse nsomba. Muzitunga madzi ndi kapu nkumawathiranso kuchokera pamwamba kuti mulowe mpweya. Ngati kukuzizira, fundikani thanki ndi bulangete.

ZA LAMULO

Wina angati, "Nyanja ndi yathu, ndingopita kukagwira ndekha." Dziwani kuti mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park kuti liteteze nsombazi, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kugwira nsomba m'madzi a pakiyi, mamita 100 kuchokera kumtunda, nkoletsedwa. Malinga ndi lamulo la za nsomba, wofuna kuchita malonda otumiza nsomba zamoyo kunja kapena kulowetsa zachilendo m'dziko muno ayenera kukhala ndi chilolezo. Pitani ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu akakulangizeni.

Ndipo nsomba ya m'thanki mukatopa nayo, musakaitaye mumtsinje, m'dambo kapena m'nyanja. Ipatseni mnzanu kapena ibwezeni ku sitolo. Namasupuni amene amatsekereza mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa. Ku nyanja ya Victoria anthu anathiramo nsomba yaikulu yotchedwa Nile perch m'zaka za m'ma 1950. Pofika m'ma 1980 mitundu yambirimbiri ya tinsomba ta m'nyanjamo, abale ake a mbuna ndi utaka, inali itasowa. Ngakhale mbuna yeniyeni musaibwezere m'nyanja mwa inu nokha. Itha kupititsako matenda, kapena kukaswana ndi mtundu wa pamalo pamene si kwawo.

MNYAMATA UJA ANAYESANSO

Lolemba amalume anamuperekeza mphwawo kuntchito. Anayeza thanki napeza kuti ndi ya malita 216. Anapempha kuonana ndi bwana.

"Bwana, mwanayu analakwa chifukwa chosadziwa. Tipatseni masabata 6. Zikafanso, mudule ndalamazo."

"Masabata 6, bambo? Alendo aziona madzi okhaokha?"

"Aziona miyala, bwana. Nsomba zibwera madzi akakhwima."

Bwana anavomera monyinyirika. Auratus ija anaibweza ku sitolo. Anatsuka miyala ndi madzi okha, naiunjika bwino. Madzi atakhwima anagula yellow lab 6. Patapita masabata awiri anaonjeza rusty 6. Mnyamata uja anagula kope. Tsiku lililonse losintha madzi amalembamo deti lake, ndipo kutsogolo kwa kopelo analemba maina a nsomba zake ndi chakudya chake. Mwezi wachinayi anaona yellow lab imodzi itatupa kukhosi, ikukana kudya. Sanathamangire kwa bwana. Anangolemba detilo nayamba kuwerenga masabata atatu.

MAFUNSO OKAMBIRANA NDI ANZANU

1. Tchulani zinthu ziwiri zimene mnyamata uja analakwitsa ulendo woyamba.
2. Nchifukwa chiyani thanki yatsopano iyenera kudikira masabata 4 mpaka 6?
3. Thanki ndi ya masentimita 80 mulitali, 35 mulifupi ndi 40 msinkhu. Imalowa malita angati? Nanga ndowa za malita 20 zingafunike zingati?
4. Mnzanu akufuna kuika guppy ndi mbuna m'thanki imodzi. Mungamuuze chiyani?
5. Lembani m'kope lanu maina a nsomba 5 zimene zimapezeka kwanu, ndi mtundu wa iliyonse.